Kodi khonsolo imagamula liti za ndalama ndi malo a mumzinda, ndipo ife tili ndi mawu?

Funso: M'dera lathu ngalande zinatsekeka kalekale ndipo galimoto yotola zinyalala imabwera mwa apo ndi apo, koma khonsolo ya mzinda wathu yavomereza ndalama zomangira maofesi atsopano. Kuonjezera apo, malo amene tonse timadziwa kuti anasiyidwa kuti akhale bwalo losewerera ana atchingidwa ndi malata, ndipo tamva kuti pamangidwa malo omwetsera mafuta galimoto. Khansala wathu akuti iye sangachitepo kanthu. Kodi zoterezi amagamula ndani? Ife anthu wamba tili ndi mawu? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mawu muli nawo, ndipo m'mayiko ambiri lamulo lenilenilo limakakamiza khonsolo kuti ikumvereni. Chovuta n'chakuti mawuwo ali ndi nyengo yake. Tsiku limene munadzuka n'kupeza malata atazinga bwalo lija, nkhaniyo inali itayenda kale m'maofesi angapo, mwina kwa chaka chathunthu. Za maofesi n'chimodzimodzi: pamene zimalengezedwa kuti khonsolo yavomereza, ndalamazo zinali zitalembedwa kale pa mzere wake miyezi ingapo m'mbuyomo. Anthu ambiri amafika nkhani itapsa kale, amakalipa, n'kubwerera akunena kuti makhonsolo samva. Ena samvadi. Koma kawirikawiri nthawi yomvera anthu inalipo, inadutsa mwakachetechete, ndipo khonsoloyo sinadzivutitse kuuza aliyense kuti yakwana. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho ndifotokoza mmene zimayendera m'mizinda yambiri, inuyo mufananize ndi lamulo la kwanuko.

Pa khonsolo pali magulu awiri a anthu. Pali makhansala amene munawasankha, ndiye pali olembedwa ntchito: mkulu wa khonsolo, mkulu wa zachuma, mainjiniya, a zamapulani, a zaumoyo. Lamulo limati makhansala ndiwo amagamula, enawa amalangiza ndi kuchita zimene zagamulidwa. Koma amene walemba pepala loyamba ndiye amakhala atagwira nkhani. Bajeti imayambira m'madipatimenti, a zachuma amaiphatikiza n'kuidula, kenako imapita ku komiti ya makhansala ochepa yoona zachuma. Za malo zimayambira kwa a zamapulani n'kupita ku komiti yake. Kukangana kwenikweni kumachitikira m'makomiti amenewa.

Mukadzakhala nawo pa msonkhano wa makhansala onse mudzaziona ndi maso. Wapampando wa komiti amaimirira n'kunena kuti akupereka lipoti la komiti yake, kuyambira tsamba lakuti mpaka lakuti. Meya amafunsa ngati pali wotsutsa. Wina amati avomereze, wina amaikira kumbuyo, ndipo mphindi zochepa chabe mfundo zambirimbiri zadutsa. Pakati pa mfundozo pali ina ya mizere itatu yonena kuti puloti nambala yakuti isinthidwe ntchito yake. Sipatchulidwa mawu akuti bwalo la ana, sipatchulidwa dera lanu. Khansala amene sanawerenge mapepala usiku wake amavomereza osadziwa kuti ndi puloti ya m'wadi mwake.

N'chifukwa chake mawu a khansala wanu ndikuwamva mwatheka. Ali ndi voti imodzi, zoona, ndipo payekha sangagwetse chigamulo. Koma angathe kufunsa funso lolemba limene ogwira ntchito ayenera kuliyankha, angathe kuitanitsa failo ya pulotiyo, angathe kupempha kuti nkhani ibwerere ku komiti, ndiponso angathe kunena kuti kukana kwake kulembedwe m'mabuku a msonkhano. Khansala wonena kuti palibe chimene angachite mwina sadziwa mphamvu zakezi, mwina anavomereza nawo ndipo sakufuna kuti mudziwe. Zolembedwa za msonkhanowo ndi zimene zingakuuzeni kuti ndi ziti.

Tiyambe ndi ndalama. Bajeti ya mzinda ili ndi matumba awiri. Thumba loyamba ndi la tsiku ndi tsiku: malipiro, mafuta a galimoto, magetsi, kutola zinyalala, kuchotsa mchenga m'ngalande, kukonza zowonongeka. Lachiwiri ndi la chitukuko, lomangira zatsopano. Maofesi aja akuchokera m'thumba lachiwiri, pamene ngalande zanu zikudikira loyamba. Mayiko ena anachita kulemba m'lamulo gawo loyenera kupita ku chitukuko. Ku Kenya, mwachitsanzo, lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma la 2012 limafuna kuti maboma a m'zigawo aziika ndalama zosachepera 30 pa 100 zilizonse ku chitukuko. Komanso ndalama zambiri za chitukuko zimachokera ku boma lalikulu kapena kwa mabungwe othandiza, zitamangidwa kale pa ntchito inayake. Ndiye a khonsolo akakuuzani kuti ndalama za maofesi sizingasamutsidwe n'kupita ku ngalande, mwina akunena zoona. Musayambe ndi kuwatsutsa. Afunseni kuti ndalamazo zachokera kuti.

Yankho la funso limenelo ndi limene limaulula zambiri. Ngati ndi thandizo lomangidwa pa ntchitoyo, funso lotsatira n'lakuti ndani anapempha maofesi m'malo mopempha china. Ngati zachokera ku misonkho ya mumzinda momwemo, ndiye kuti makhansala anasankha okha, ndipo ayankhe. Ngati ndi ngongole, nkhaniyo ndi yaikulu kuposa pamenepo, chifukwa ngongole ndi chiwongoladzanja chake zimabwezedwa kuchokera m'thumba loyamba lija, kwa zaka zambiri. Ndipo nyumba yatsopano iliyonse imabwera ndi njala yake: alonda, magetsi, madzi, okolopa, utoto. Zonsezo zimadya pa mzere womwe uja wa ngalande ndi zinyalala. Munthu wofunsa kuti maofesiwo adzafuna ndalama zingati chaka chilichonse akadzatha kumangidwa amakhala atafunsa funso limene makomiti ambiri sadzifunsa.

Nanga n'chifukwa chiyani kukonza zinthu ndiko kumavutika pafupifupi kulikonse? Chifukwa china n'chodziwikiratu: palibe amaitanidwa kudzadula riboni pa ngalande yochotsedwa mchenga. Koma pali chifukwa china chobisika chimene ndikufuna muchimvetse. Makhonsolo ambiri amalemba ndalama zoyembekezera kutolera zochuluka kuposa zimene angatolere, kuti bajeti ioneke yokwana. Chaka chikafika pakati, ndalama zimaperewera. Malipiro sangaimitsidwe, banki siingadikire, ndiye chimene chimadulidwa ndi chimene sichilira msanga: matayala a galimoto ya zinyalala, mafuta ake, anthu aganyu ochotsa mchenga. Bajeti imene inavomerezedwa poyera imasinthidwa mwakachetechete ndi amene amasankha kuti cheke chiti chisainidwe sabata ino.

Choncho mukapeza bajeti, musangoyang'ana nambala ya chaka chino. Pezani mzere wa ngalande kapena wa zinyalala, muike chala pamenepo, muone manambala atatu: zimene zinavomerezedwa chaka chatha, zimene zinagwiritsidwadi ntchito, ndi zimene akulonjeza chaka chino. Mukapeza kuti chaka chatha anagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka zimene analonjeza, lonjezo la chaka chino lilibe mphamvu ngakhale litakula bwanji. Kenako chitani chimodzimodzi pa mzere wa maulendo ndi maalawansi. Ngati umenewo unatheratu pamene wa ngalande sunafike n'theka lomwe, mwapeza umboni umene palibe angaukane, chifukwa ndi manambala awo omwe. Ku South Africa nthambi ya boma yoona zachuma inaika muyezo woti khonsolo iziwononga pa kukonza zinthu ndalama zokwana 8 pa 100 za mtengo wa katundu wake, monga misewu, mipope ndi nyumba, chaka chilichonse. Makhonsolo ambiri kumeneko safika pa muyezowo, komabe anthu ali ndi poyezera.

Musalole kuti wina akuuzeni kuti ngalande ndi nkhani yaing'ono. Pa 3 Juni 2015 mumzinda wa Accra ku Ghana kunagwa chimvula, ngalande zodzaza zinyalala zinasefukira, ndipo anthu ambiri anathawira pa malo omwetsera mafuta pafupi ndi Kwame Nkrumah Circle kukausa mvula. Mafuta anatayikira m'madzi osefukirawo, moto unabuka, ndipo anthu pafupifupi 150 anafa usiku umenewo. Ku Flint, m'dziko la America, mu 2014 akuluakulu anasintha kotunga madzi a mzinda pofuna kupulumutsa ndalama, osathira mankhwala oteteza mipope kuti isadyeke, ndipo mtovu unalowa m'madzi akumwa a ana. Zonse ziwirizi zinayambira pa zinthu zooneka zazing'ono pa pepala.

Tsopano nthawi. Bajeti ili ndi kalendala yake, ndipo m'mayiko ambiri kalendalayo ili m'lamulo. Chitsanzo chomveka bwino ndi cha South Africa, kumene chaka cha ndalama cha makhonsolo chimayamba pa 1 Julayi. Lamulo la 2003 limati meya apereke ku khonsolo ndondomeko ya masiku okonzera bajeti kutatsala miyezi 10, apereke bajeti yongoyerekeza kutatsala masiku osachepera 90, anthu apatsidwe mpata wonenapo, ndipo khonsolo ikhale pansi kuti iivomereze kutatsala masiku osachepera 30. Taonani bwino: ntchito imayamba cha mu Ogasiti, miyezi 10 chaka chisanayambe. Wofika pa msonkhano womaliza amapeza manambala atauma. Wofika pamene madipatimenti akulemba zofuna zawo amapeza malo oikapo ngalande yake. Kwanuko masiku angakhale ena, koma kalendala yotere ilipo, ndipo kalaliki wa khonsolo ayenera kukuuzani.

Kumva anthu si chifundo cha khonsolo ayi. Mu 2014 bwalo lalikulu la milandu ku Kenya linathetsa lamulo la misonkho la chigawo cha Kiambu la 2013 chifukwa anthu sanafunsidwe mokwanira. Bwalolo linaona kuti kulengeza kamodzi mu nyuzipepala ndi kusonkhanitsa anthu ochepa mu hotela sikungatchedwe kumva maganizo a anthu. Ndipo anthu akasiyiratu kuyang'ana, zimene zimachitika n'zomvetsa chisoni. Mu kamzinda ka Bell ku California, ka anthu osakwana 40,000 ndipo ambiri osauka, mu 2005 kunachitika chisankho chapadera chosintha malamulo oyendetsera mzindawo, ndipo amene anavota sanakwane 400. Pofika 2010 atolankhani anapeza kuti mkulu wa khonsolo ankalandira pafupifupi madola 800,000 pa chaka. Ena mwa akuluakuluwo anapita kundende, koma misonkho ya anthu inali itadyedwa kale kwa zaka zisanu.

Tibwere ku bwalo la ana, chifukwa limenelo ndilo la changu.

Mzinda uliwonse wokhala ndi mapulani uli ndi mapu ogawa malo molingana ndi ntchito yake: apa nyumba zogona, apa malonda, apa mafakitale, apa sukulu, apa malo a anthu onse osamangapo. Mapuwo amatsagana ndi malamulo onena kutalika kwa nyumba, kukula kwa puloti ndi mtunda wosiya kuchokera pamsewu. Zimenezi si zakale kwambiri. Mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo lotere la mzinda wonse mu 1916, pambuyo poti nyumba ya Equitable, yosanjikizana pafupifupi ka 40, inatchinga dzuwa kwa oyandikana nayo. Eni malo anatsutsa kuti boma likuwalanda phindu la malo awo, koma mu 1926, pa mlandu wa tauni ya Euclid ndi kampani ya Ambler, bwalo la milandu lalikulu kwambiri la ku America linagamula kuti mzinda uli ndi mphamvu zotere. Ku Britain lamulo la 1947 linanena poyera kuti kukhala mwini malo sikupereka ufulu womangapo chilichonse popanda chilolezo, ndipo mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain anatengera malamulo a mapulani a mtundu umenewu. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: ngakhale munthu wa malata uja ataonetsa mapepala akuti malowo ndi ake, limenelo ndi funso limodzi. Chilolezo chosintha ntchito ya malowo ndi funso lina, chilolezo cha mapulani a nyumba ndi linanso, ndipo malo a mafuta nthawi zambiri amafunanso chiphaso cha bungwe loona za mafuta ndi kuunika kwa a zachilengedwe. Pepala limodzi sililowa m'malo mwa linzake.

Mwanena kuti "tonse timadziwa" kuti malowo ndi a ana. Pamenepo ndipo poyambira, chifukwa zimene tonse timadziwa si zimene komiti kapena woweruza amayang'ana. Pitani ku ofesi ya zamapulani mukapemphe kuona mapu ovomerezeka a dera lanu ndi nambala ya pulotiyo. Mupeza chimodzi mwa zinthu zitatu.

Mwina malowo sanalembedwepo ngati bwalo. Inali puloti ya munthu kapena ya malonda imene inangokhala osamangidwa, ana n'kumaseweramo. Zikatero bwalolo n'lovuta kulipulumutsa, koma mungatsutsebe kuti mafuta asakhale pafupi ndi nyumba zogona. Mwina malowo analidi a anthu onse ndipo anasinthidwa motsata njira: pempho linaperekedwa, chidziwitso chinatuluka, nthawi yotsutsa inadutsa, komiti inavomereza. Apa funsani kuti muone chidziwitsocho, tsiku lake ndi kumene chinaikidwa. Malamulo ambiri amafuna chikwangwani pamalo pomwepo kapena makalata kwa oyandikana nawo, osati kachilengezo ka m'nyuzipepala kokha, ndipo nthawi yotsutsa imakhala ya masabata ochepa. Ku England, mwachitsanzo, ndi masiku 21. Ngati chikwangwani sichinaikidwe pamene lamulo limachifuna, chigamulocho chili ndi bala. Kapena mwina pa mapu malowo akadali bwalo mpaka lero, ndipo wina anangopereka kalata ya puloti kuseri. Zimenezi zimachitika kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo ndi zimene zimagwa msanga zikafika poyera, chifukwa malo a anthu onse nthawi zambiri ali ndi chitetezo choonjezera: sangagulitsidwe popanda chigamulo cha makhansala onse, mwinanso chilolezo cha nduna.

Kalata yanu yotsutsa ikhale ndi zifukwa zimene komiti imaloledwa kuziganizira. Kunena kuti mwini wakeyo ndi wodzikonda, kapena kuti mukumuganizira kuti anapereka chiphuphu, sikusuntha kanthu pa tebulo la zamapulani pokhapokha mutakhala ndi umboni, ndipo umboniwo malo ake ndi ku bungwe lothana ndi katangale. Lembani zoti pempholi likutsutsana ndi mapu ovomerezeka. Lembani mamita amene alipo kuchokera pamalowo kufika pa nyumba yoyandikira, pa sukulu kapena pa chitsime. Lembani za galimoto zolowa ndi kutuluka pamene ana amaolokera, za kumene madzi a mvula adzalowere pansi ponse pakathiridwa simenti, ndi zoti deralo lilibe bwalo lina. Aliyense alembe yake m'mawu ake, chifukwa makalata 50 osiyana amawerengedwa mosiyana ndi pepala limodzi la masiginecha 50. Mukakapereka, akudindireni chidindo cha tsikulo pa kope yanu. Ndipo musachedwe kukaonana ndi loya kapena bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo, chifukwa nthawi yokadandaula ku khoti imakhala yaifupi kwambiri pa nkhani za mapulani. Ku England ndi masabata 6 okha. Chiletso cha khoti chimapezeka mosavuta pamene pali malata okha kusiyana ndi pamene matanki akwiriridwa kale pansi. Madzi akatayika saoleka.

Ngakhale mutapambana pa pepala, musagone. Usiku wa pa 1 Febuluwale 2024 gasi anaphulika ku Embakasi mumzinda wa Nairobi, pamalo othirira gasi amene anali pakati pa nyumba za anthu. Anthu anafa ndipo mazana anavulala. Bungwe loona za mafuta ndi magetsi m'dzikolo linanena kuti linakana katatu konse mu 2023 kupereka chilolezo cha malowo, mwa zina chifukwa cha kuchuluka kwa anthu okhala pafupi. Kukana kunalipo, koma malowo ankagwirabe ntchito. Ofesi yoyendera ndi kugwetsa zomangidwa popanda chilolezo imalipidwa kuchokera m'thumba loyamba lomwe lija, ndipo nayonso imakhala ilibe mafuta a galimoto.

Apa ndi pamene mafunso anu awiri akumanirana, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi funso limodzi. Khonsolo yosowa ndalama imayang'ana bwalo lopanda kanthu n'kuona ndalama zogulitsira puloti, ndalama za ziphaso ndi msonkho wa chaka ndi chaka. Bwalo la ana silibweretsa kalikonse m'buku la ndalama, m'malo mwake limafuna kutchetchedwa. Koma ndalama zogulitsira malo zimabwera kamodzi n'kutha chaka chomwecho, pamene dothi limene linkamwa madzi a mvula lapita mpaka kalekale. Madziwo adzatsikira m'ngalande zanu zotsekekazo. Ndipo tsiku limene mzinda udzafune malo a sukulu kapena chipatala m'dera lodzaza nyumba, udzagula pa mtengo woposa kutali umene unagulitsira. Chigamulo chilichonse cha malo chimalemba bajeti ya zaka zikubwerazo, ngakhale kuti makomiti awiriwa amakhala pa masiku osiyana ndipo nthawi zambiri sawerengerana mapepala.

Sindikunena kuti kusintha ntchito ya malo n'koipa nthawi zonse. Mphamvu yogawa malo yakhala ikugwiritsidwa ntchito popondereza anthu. Ku Cape Town, dera la District Six linalengezedwa mu 1966 kuti ndi la azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza. Masiku ano kupondereza kumabwera mofatsa: lamulo limati puloti isachepere pakuti, nyumba ikhale ya banja limodzi, zipangizo zikhale zakutizakuti, ndipo wosauka amapezeka kuti palibe malo ovomerezeka amene angawakwanitse. Amakamanga m'mphepete mwa mtsinje kapena m'phiri. Phiri litagumuka ku Freetown, likulu la dziko la Sierra Leone, mu Ogasiti 2017, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, pamalo pamene mitengo inadulidwa ndipo nyumba zinakwera m'mapiri popanda woletsa. Mzinda umene umakana nyumba zoonjezera pamalo abwino umakhala ukukankhira anthu ku malo oopsa. N'chifukwa chake khonsolo ya Minneapolis ku America mu 2018 inavomereza kuti pa puloti imene kale pankaloledwa nyumba ya banja limodzi pazitha kukhala mabanja atatu, ndipo Curitiba ku Brazil, kuyambira m'ma 1970, inalola nyumba zazitali m'mbali mwa misewu ya mabasi kuti mabasiwo azipeza okwera. Anthu akakhala moyandikana, mita iliyonse ya mpope ndi msewu imalipiridwa ndi mabanja ambiri. Mzinda wa Detroit ku America unaona mbali inayo: anthu anachepa kuchoka pa 1.8 miliyoni mu 1950 kufika pafupifupi 700,000, misewu ndi mipope zinatsala zomwezo, ndipo pamene mzindawo unkalengeza mu 2013 kuti walephera kubweza ngongole, magetsi a mumsewu pafupifupi 40 pa 100 alionse sankayaka. Ndiye mnansi wanu akadzapempha kumanga nyumba zina pa puloti yake, musafulumire kutsutsa. Koma bwalo ndi nkhani ina. Dera likamadzaza anthu ndi pamene limafunitsitsa malo opumira.

Zikapezeka kuti zonse zinayenda motsata lamulo ndipo malowo amangidwabe, musachoke chimanjamanja. Khonsolo ili ndi mphamvu yoika zofunika kukwaniritsa pa chilolezo chilichonse. Ku England gawo 106 la lamulo la mapulani la 1990 limalola khonsolo kugwirizana ndi womanga kuti alipire misewu, masukulu kapena mabwalo amene chitukuko chakecho chapangitsa kuti afunike, ndipo mzinda wa São Paulo ku Brazil umagulitsa ufulu womanga moposa muyezo n'kugwiritsa ntchito ndalamazo pa zosowa za mzinda. Mfundo yake n'njosavuta: siginecha ya khonsolo ndi imene yakweza mtengo wa malowo, ndiye gawo la phindulo libwerere kwa anthu. Pemphani kuti womangayo akonze ngalande ya msewu wonsewo, kuti khonsolo ipatule malo ena a ana m'dera lomwelo, ndipo zimenezi zilembedwe m'chilolezo, zisakhale za pakamwa pa msonkhano.

Pali mbali ina imene sindingaibise. Galimoto ya zinyalala imayendera msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo m'mizinda yambiri nyumba zochuluka sizili n'komwe m'kaundula wa msonkho, pamene eni nyumba zikuluzikulu ali ndi ngongole za zaka. Ku Freetown, meya Yvonne Aki-Sawyerr atalowa mu 2018, khonsolo inagwiritsa ntchito zithunzi za m'mlengalenga kulemba nyumba zonse ndi kuziyeza poyera potengera kukula kwake ndi mamangidwe ake, kotero kuti nyumba zodula zinayamba kulipira zambiri. Ku Kananga m'dziko la Congo, ofufuza anapeza kuti m'madera amene otolera msonkho anayenda khomo ndi khomo mu 2016, anthu ankapita kwambiri ku misonkhano ya boma kukafunsa za ndalama zawo. Wolipira amafunsa molimba mtima. Pitani ku msonkhano wa bajeti ndi malisiti anu m'manja, ndipo mufunse kuti amene ali ndi ngongole zazikulu kwambiri za msonkho akuchitidwa chiyani.

Kumene anthu anapatsidwa mpata wosankha okha, ngalande ndi zimene ankaziika patsogolo. Mzinda wa Porto Alegre ku Brazil unayamba mu 1989 kulola anthu a m'madera kukambirana ndi kusankha ntchito zoyamba pa ndalama za chitukuko, ndipo m'zaka zoyambirira madera osauka ankasankha madzi, suweji ndi misewu. Njirayi inafalikira m'mizinda yambiri, ngakhale kuti ku Porto Alegre komweko inadzafooka atsogoleri ena atalowa, zomwe zikusonyeza kuti imafuna anthu oiteteza chaka ndi chaka.

Sabata ino yambani ndi bwalo: mapu, nambala ya puloti, failo ya chilolezo, ndi zolembedwa za msonkhano umene unavomereza. Ngati kwanuko kuli lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma, litchuleni m'kalata yanu yopempha. Za ngalande zitengerani nthawi yaitaliko. Jambulani pamene patsekeka, lembani mayina a misewu ndi kutalika kwake, funsani injiniya wa khonsolo kuti ntchitoyo ingadye ndalama zingati, ndipo mukapereke pempho lokhala ndi nambala pamene madipatimenti akulemba bajeti yotsatira. Werenganinso lipoti la wofufuza mabuku a ndalama za khonsolo la chaka chatha, chifukwa limatchula ntchito zimene zinalipiridwa koma osachitika. Kenako bwererani kwa khansala wanu muli gulu, mum'patse mafunso awiri olemba oti akafunse pa msonkhano wotsatira, limodzi la puloti, lina la gwero la ndalama za maofesi, ndipo mumuuze kuti tsikulo mudzakhala pa mipando ya anthu kumbuyo kwa holo kudzamva yankho.